Botolo Lopanda Kanthu ku Shikabeta

Ngati munali kukwera basi ya Chelstone pa Kulima Tower zaka zitatu zapitazo, mwina munam'patsako ndalama msuweni wanga. Anali kondakita wamtali, wa mawu osasa, uja wokonda kukuwa kuti, "Sendelani ba mami, four-four, iyi si sofa ya kunyumba!" Dzina lake sindilemba. Anandilola kufotokoza nkhani yake muno, koma anati dzina likhale m'thumba mwanga.

Tsiku lililonse 20 hours ikakwana, foni yake inali kulira. Anzake pa siteshoni anali kumuseka, ati ni madam afuna kudziwa kumene ali. Iye anali kungoseka nawo, n'kuzembera kuseri kwa basi, n'kumeza piritsi limodzi ndi madzi a m'kabotolo. Pabanja ponse ndine ndekha amene ndinali kudziwa kuti alamu ija inali ya ma ARV. Anamwa motero zaka zisanu osadumphitsa, ndipo sanagonepo m'cipatala.

Cakumapeto kwa 2024 mwini basi anaigulitsa. Nchito inatha, lendi ya kacipinda inam'kulira, ndiye anamanga katundu kubwerera kwao ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, kukalima ndi kuocha malasha. Asananyamuke anapita ku kiliniki ya m'komboni, anam'patsa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi. Ndinam'funsa kuti akadzatha adzatani.

"Iwe msuweni, uvuta," anatero. "Nizaona kutsogolo."

Sindinafunsenso. Apa ndi pamene nanenso ndinalakwa.

Mu September 2025 azakhali anga, amai ake, anandiimbira foni atakwera pa culu pofuna netiweki. Mawu anali kuduka-duka, koma ndinamva zokwanira: "Msuweni wako sali bwino. Akhosomola usiku onse, nsima aikana. Bwera ukamuone."

Mmawa mwake ndinakwera basi ya kum'mawa. Amene mumapita ku Petauke kapena ku Chipata mumaudziwa msewu wa Great East Road: Chongwe, Chinyunyu, kenaka mapiri ndi makona osatha. Mukayenda makilomita oposa 150 kucoka mu Lusaka, pali msewu wa dothi wopatukira kumpoto, kulowera ca ku mtsinje wa Lunsemfwa. Kumeneko ndi kwa mfumu Shikabeta, dziko la Asoli, limodzi mwa maufumu atatu a m'boma la Rufunsa pamodzi ndi Mpanshya ndi Bunda Bunda. Atate anga ndi Msoli wa kumeneko. Ine ndinabadwira ku Mtendere, Cisoli ndimangocimva cabe.

Pa mphambano ndinadikira maola angapo. Kulibe zoti basi idzadza m'maminiti khumi monga pa City Market. Umakwera cimene cabwera, kaya ni njinga ya moto, kaya ni Canter yokatenga malasha. Ine ndinakwera Canter. Pamene tinali kugwedezeka m'mabampu, malole ena anali kutipitirira odzaza matumba, ulendo wa ku tauni. Mbaula zathu za ku Chawama, ku Garden ndi ku Kalingalinga zimayaka ndi mitengo ya kumadera ngati amenewa. Pa pepala Shikabeta ili m'cigawo ca Lusaka, cimodzimodzi ndi Cairo Road. Koma ndinafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu.

Ndinam'peza atakhala pa mpasa kuseri kwa nyumba, atafunda bulangeti kunja kukutentha. Mawu aja amene anali kumveka siteshoni yonse anali atasanduka kunong'ona. Azakhali atapita kukatunga madzi, ndinam'funsa mwacindunji.

"Imwe ba msuweni, mankhwala ali kuti?"

Analowa m'nyumba, n'kubwera ndi botolo loyera la pulasitiki. Ndinaligwedeza. Zii.

"Yanasila mu April," anatero.

"Manje kuno kulibe kiliniki?"

"Iliko. Koma uziba mwamene kulili kuno. Pa benchi paja ungapeze apongozi, ungapeze wa ku chalichi, ungapeze wamene unaphunzila naye. Ukangoloba cabe mu ka room kaja, mailo munzi onse waziba. Ku Lusaka nenze kungoyenda, kulibe onidziba."

Anati anaganiza zopita ku Lusaka kukatenga ku kiliniki yake yakale, koma ndalama ya ulendo wopita ndi kubwera inali ya matumba angapo a malasha, ndiye anali kungonena kuti mwezi wa mawa. Kalata yosamukira analibe, ndipo anaopa kuti akapita ku kiliniki yatsopano wopanda kalata adzam'kalipira. Pamwamba pa izi, anamva kwa oyendetsa malole kuti Amerika yaleka kuthandiza, ma ARV asila m'dziko lonse. "So ninaona monga ni kutaya cabe ndalama," anatero. Miyezi iwiri yoyamba anali kumva bwino, mpaka anayamba kuganiza kuti mwina kacirombo kanagona. Kacirombo sikagona. Munthu akaleka mankhwala, kamayamba kuculukanso m'magazi m'masabata ocepa, ngakhale thupi lisanaonetse kanthu.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinali kudzifunsa kuti zitheka bwanji munthu amene anasunga lamulo la mankhwala zaka zisanu m'phokoso la Kulima Tower, alephere kumudzi kwao kwa amai ake. Nditabwerera ku nchito ndinafufuza ziwerengero, ndipo zinandionetsa kuti msuweni wanga anagwera mumpata umene uli pakati pa tauni ndi mudzi.

Tiyambe ndi kafalidwe. Kufufuza kwa boma kwa Zambia Demographic and Health Survey kwa 2018 kunapeza kuti pa anthu a zaka 15 mpaka 49, amene ali ndi HIV ndi 11.1 peresenti. Koma m'matauni ciwerengero cinali 15.9 peresenti, pamene kumidzi cinali 7.1 peresenti. Cigawo ca Lusaka ndi ca Copperbelt zinali pamwamba ndi 15.4 peresenti, ca Muchinga pansi ndi 5.4 peresenti. Tiziike m'basi kuti zimveke. Mu Hiace yonyamula akulu 18 kuno ku tauni, tinganene kuti atatu ali ndi kacirombo. Basi imodzimodziyo itadzaza anthu a kumudzi, angakhale mmodzi. Musayambe kuyang'ana amene mwakhala naye pa mpando, simungam'dziwe ndi maso. Ambiri a iwo ali pa mankhwala, ndi onenepa kuposa inu ndi ine.

Kufufuza komweko kunaonetsanso kuti akazi ndi amene asenza mtolo waukulu: 14.2 peresenti, pamene amuna ndi 7.5 peresenti. Atsikana amatenga kacirombo ali aang'ono kuposa anyamata a msinkhu wao, kawirikawiri kucokera kwa amuna aakulu amene ali ndi ndalama m'thumba.

Ziwerengero zimenezi zimagawa anthu pawiri, a m'tauni ndi a kumudzi, ngati kuti munthu amakhala pamalo amodzi moyo wake wonse. Koma ndani wa ife amene ali wa ku tauni cabe? Mvula ikayamba timapita kukalima. Maliro akacitika timakwera. Nchito ikatha timabwerera kwa amai. Nakonso kumudzi anthu sakhala pansi: wa malasha amagona masiku angapo mu Lusaka kudikira kuti katundu athe, anyamata a ku Rufunsa amapita kumigodi ing'onoing'ono ya golide kumene amakhala miyezi kutali ndi mabanja ao, oyendetsa malole amagona pa Luangwa Bridge. Kacirombo kamayenda ndi anthu amenewa popanda kulipira. Faelo ya ku kiliniki ndi imene imatsala m'mbuyo.

Nanga kupima? Kufufuza kwina kochedwa ZAMPHIA, kwa 2021, kunapeza kuti pa akulu 100 alionse amene ali ndi HIV m'Zambia, 89 akudziwa kuti ali nako. Pa odziwawo, 98 pa 100 ali pa mankhwala. Pa omwa mankhwalawo, mwa 96 pa 100 kacirombo kacepa kwambiri m'magazi. Colinga ca bungwe la UNAIDS ndi 95, 95, 95. Ndiye kuti ziwiri zotsirizazo tinakhoza, koma coyamba, ca kudziwa, mu 2021 tinali tikali m'mbuyo. Amene atsalira kwambiri ndi acinyamata ndi amuna. Mzimai amapimidwa akapita ku sikelo ya mimba. Mwamuna amadikira mpaka am'nyamule pa wilibala. Kondakita amene amayamba nchito 05 hours ndi kuweruka 21 hours, adzaima liti pa mzere wa ku kiliniki? Masiku ano kuli tuzipangizo todzipimira wekha kunyumba, topaka ku nkhama, zotsatira zimatuluka m'maminiti 20. Zambia, Malawi ndi Zimbabwe ndiwo maiko oyamba kutuyesa pa anthu ambiri m'dera lathu lino. Kakaonetsa mizere iwiri, upite ku kiliniki akatsimikize ndi magazi.

Pa zamankhwala tacoka kutali, ndipo acinyamata ena sadziwa. Wodwala AIDS woyamba m'Zambia analembedwa mu 1984. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzyo anamwalira ndi matendawa, nthawi imene mabanja ambiri anali kubisa. Mu 1990 Winstone Zulu anaima poyera n'kunena kuti ali ndi HIV, woyamba kucita zimenezi m'dziko muno. Amai anga amakamba kuti m'zaka za m'ma 1990 ku Chingwere kunali kukhala mizere ya maliro, banja lina kudikira kuti lina litsirize. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2005, m'nthawi ya Pulezidenti Levy Mwanawasa. Poyamba anali mapiritsi angapo patsiku, ndipo munthu anali kudikira kuti citetezo ca m'thupi citsike asanam'yambitse. Tsopano ukapezeka nako uyamba pomwepo. Ambiri akumwa piritsi limodzi patsiku lochedwa TLD, ndipo amene akumwa bwino amapatsidwa a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Pa anthu pafupifupi 1.3 miliyoni amene ali ndi HIV m'Zambia, oposa miliyoni imodzi ali pa mankhwala. Cina cimene ambiri sanamvebe ndi ici: munthu amene akumwa mankhwala bwino, ndipo kupima kwa viral load kwaonetsa kuti kacirombo sikakuoneka m'magazi, sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake pogonana.

Zonsezi zimagwira nchito ngati piritsi lafika m'kamwa tsiku lililonse. Apa ndi pamene tauni ndi mudzi zimasiyanirananso, koma mozondoka. Kuno kacirombo n'kambiri, koma kiliniki ili pafupi, ndipo ngati ufuna kubisala ungakwere basi kukatengera ku komboni ina. Kumudzi kacirombo n'kocepa, koma mtunda ndi wautali, mitsinje imadzaza m'dzinja, ndipo aliyense adziwa aliyense. Amene amavutika koposa ndi uja ali mwendo umodzi kuno, mwendo wina kwao.

Tibwerere kwa msuweni wanga. Mmawa mwake ndinam'uza kuti sindicoka popanda iye. Anakana, anakalipa, kenaka analira. Pomaliza anati, "Koma amai ni iwe uzabauza." Tinawaitana azakhali, tinakhala atatu pa mpasa. Ndinayamba kuzungulira-zungulira mawu, iwo anandidula.

"Mwana wanga, uganiza kuti ndine mwana? Botolo lija ndinaliona kale posesa. Ndinali kudikira kuti anene yekha." Anatembenukira kwa iye. "Anzanga awiri a ku chalichi akumwa omwewo, ndipo amalima kuposa iwe. Unafuna kufa cifukwa ca manyazi?"

Tinapeza njinga ya moto mpaka ku msewu waukulu, kenaka galimoto mpaka ku cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya. Anam'pima makhololo, anam'peza ndi TB. Citetezo ca m'thupi, cimene amati CD4, cinali citatsika pansi pa 200, pamene madokotala amati matenda afika patali. Anam'yambitsa mankhwala a TB, ndipo patapita masiku anam'bwezera pa ma ARV. Palibe amene anam'kalipira.

Ndili pa benchi panja, ndinaceza ndi namwino wina amene wagwira nchito zaka zambiri m'makiliniki a kumidzi. Anandiuza kuti nkhani ngati iyi amaiona kawirikawiri. Ena akafika kumalo atsopano amadzipimitsanso ngati kuti ndi koyamba, mwina ndi dzina lina, poopa kunena kuti analeka. Zimenezi zimasokoneza, cifukwa wacipatala sadziwa mankhwala amene munthu anali kumwa kale. Ena amagawana mapiritsi ndi mkazi wao kuti afike kumapeto kwa mwezi, mapeto ake onse awiri amamwa mopereweza. "Auzeni anthu a ku tauni," anatero, "kuti kalata yosamukira ni yaulele. Ngati alibe, abwele cabe na kadi yao ya SmartCare, olo botolo yamene yasila. Tizaona pamene tingayambile. Cacikulu abwele."

Anandikumbutsanso za magulu a anthu omwa mankhwala amene amasinthana kupita ku kiliniki. Anthu ngati asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi amagwirizana, mwezi uno apita uyu kukatengera onse, mwezi wa mawa apita wina. Njira imeneyi inayambira kwa anansi athu ku Tete, m'dziko la Mozambique, mu 2008, ndi thandizo la bungwe la Médecins Sans Frontières, ndipo pambuyo pake inafika kuno. Imacepetsa ndalama za ulendo. Koma kuti ulowe m'gulu, uyenera kulola kuti anthu asanu akudziwe. Mutu umodzi susenza denga, koma manyazi amafuna kuti usenze wekha.

Nanga mphekesera ija ya kuti mankhwala asila? Ili ndi pamene inacokera. Mu January 2025 boma la Amerika linaimitsa thandizo lake lambiri la kumaiko akunja, kuphatikizapo mbali ya PEPFAR, pulogalamu imene yakhala ikulipirira gawo lalikulu la nkhondo yolimbana ndi HIV kuyambira 2003. Malo ena othandizira anthu amene anali kuyendetsedwa ndi mabungwe anatsekedwa, ndipo anchito ambiri a m'madera anaima, aja amene anali kuimba foni kapena kupalasa njinga kukafuna munthu amene sanabwere pa tsiku lake. Mu May 2025 kazembe wa Amerika, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidzadula madola 50 miliyoni pacaka pa thandizo la mankhwala, ponena kuti mankhwala opatsidwa mwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa. Nkhani zimenezi n'zoona, ndipo n'zodetsa nkhawa. Koma Unduna wa Zaumoyo unapitiriza kunena kuti ma ARV alipo ndipo ndi aulere, ndipo msuweni wanga atafika ku cipatala anawapeza. Nkhani imene inacoka ku Washington ikunena za kudula ndalama, inafika ku Shikabeta pa lole ya malasha itasanduka yakuti usapite n'komwe. Safunsa anadya phula.

Za kupewa nazonso zikusintha. Mu February 2024 Zambia inayamba kupereka nyeleti yoteteza ku HIV yobaya miyezi iwiri iliyonse, mwambo wake unacitikira ku Chibombo. Cakumapeto kwa 2025 kunafikanso ina yochedwa lenacapavir, yobaya kawiri cabe pacaka. Izi ndi za anthu amene alibe kacirombo koma ali pa ngozi yokatenga. Funso langa kwa akuluakulu a zaumoyo ndi ili: zinthu zatsopano zimayambira kumene kuli tara. Mtsikana wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi mgodi wa golide ku Rufunsa, amene ulendo umodzi wa ku kiliniki umam'dyera tsiku lathunthu, si ndiye afunika kwambiri nyeleti ya kawiri pacaka? Idzam'fika liti?

Msuweni wanga anatsiriza miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a TB. Thupi labwerera, ngakhale kuti akakwera phiri amapuma kawiri. Malasha analeka cifukwa ca utsi, tsopano akulima mbeu za kudimba. Faelo yake inasamutsidwa, akutengera mankhwala ku kiliniki ya kwao komwe, pa benchi lija anali kuliopa. Ndinam'funsa pa foni ngati anakumanako ndi odziwana nawo.

"Ninapeza ba headman," anatero, akuseka. "Tinapatsana cabe moni. Aliyense na kadi yake."

Alamu ya 20 hours inabwerera. Foni ikazima cifukwa ca kusowa kochajira, azakhali ndi amene amagogoda pa citseko.

Miyezi isanu yopanda mankhwala inatsala pang'ono kutilanda munthu, ndipo ine ndinali ndi nambala yake m'foni nthawi yonseyo. Ndinali kum'tumizira tuma jokes pa WhatsApp, koma funso limodzi lofunika sindinafunse, poopa kuti adzati ndimavuta.

Ndiye inu amene mukuwerenga muli pa mpando wa kumbuyo, ngati mukukonza zopita kumudzi kukalima, kukalira maliro kapena kukakhaliratu, yambani mwawerenga mapiritsi m'botolo. Pitani ku kiliniki yanu, muwauze kumene mukupita ndi nthawi imene mudzakhalako, mutenge kalata. Ngati munaleka kale, kaya papita mwezi kaya caka, bwererani ndi dzina lanu lenileni. Ngati simunapimitsepo, kapena papita nthawi, pimitsani. Ndipo ngati muli ndi m'bale amene anakuuzani cinsinsi cake, n'kupita kwao, mukatsika basi ino mugule talk time mum'imbire. Mufunseni kuti m'botolo mwatsala angati. Akakuuzani kuti muvuta, vomerani, kenaka mufunsenso.